Funsani Tikuyankheni: Kutumiza magalasi owonongeka kunja kuti akakonzedwe

Okondedwa Alangizi,

Ine ndimagwira ntchito yoperekeza alendo okaona malo ku Chembe, ku Cape Maclear, ndipo chida changa chachikulu pa ntchitoyi ndi bainokyula ya 8x42 imene mlendo wina wa ku Ulaya anandisiyira ngati mphatso. Mwezi wathawu tikuchokera ku chilumba cha Thumbi, mwera unatipeza panyanja, boti linadumpha pa funde, ndipo bainokyulayo inamenyetseka pa thabwa n'kugwera m'madzi amene anali pansi m'botimo. Kuyambira pamenepo ndikayang'ana nkhwazi imodzi ndimaona ziwiri, mutu umandipweteka, ndipo m'mawa galasi la kumanja limachita nthunzi mkati. Mnyamata wina wokonza mafoni akuti akhoza kuimasula, koma mlendo uja wandilembera kuti ndiitumize kwa amene anaipanga. Kodi zimenezi n'zotheka kwa munthu wa ku Mangochi kuno, nanga ikamadzabwera a MRA sadzandilipiritsa msonkho ngati kuti ndagula yatsopano?

Woperekeza alendo, Chembe

Zikomo kwambiri bambo chifukwa cha kalata yanu. Kutumiza n'kotheka ndithu, koma tisanapite patali ndikupempheni kuti musalole munthu aliyense wopanda zipangizo za ntchito imeneyi kumasula bainokyulayo, ngakhale akhale waluso chotani pa mafoni. Sindikupeputsa anyamata athu, pakuti ambiri a iwo amadzutsa mafoni amene eni ake anali atataya kale mtima, koma vuto mwafotokozali si la mawaya. Mkati mwa mbali iliyonse ya bainokyula muli timagalasi ta makonamakona totchedwa prism, timene timatembenuza chithunzi kuti chisaoneke chozondoka, ndipo ta kumanja ndi ta kumanzere timaikidwa kuti tiziloza njira imodzi ndendende. Chidacho chikamenyetseka, prism imodzi imasuntha pang'ono kwambiri, koma popeza bainokyula yanu imakulitsa zinthu ka 8, kusunthako nakonso kumakulitsidwa, ndipo diso lililonse limayamba kulandira chithunzi chakechake. Mutu ukupwetekawo ndi minofu ya maso imene ikulimbana kuti ilumikize zithunzi ziwirizo. Kubwezeretsa timagalasi timeneti m'malo mwake kumafuna makina oyezera otchedwa collimator, ndipo munthu wongoyerekeza ndi maso amatha kukonza kuti iziona bwino kwa iye yekha, wina akangoitambasula molingana ndi nkhope yake zithunzi n'kubwereranso ziwiri.

Mukhoza kudzitsimikizira nokha vutoli musanawononge ndalama. Imani m'mphepete mwa nyanja tsiku la bata, yang'anani mzere umene madzi amakumana ndi thambo, kenaka sunthani bainokyulayo pang'onopang'ono kuichotsa kumaso kwinaku mukuyang'anabe m'magalasi onse awiri. Mzerewo ukaduka, mbali ina n'kukhala m'mwamba ina m'munsi, ndiye kuti prism inasunthadi.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi nthunzi ija. Bainokyula zosalowa madzi amazichotsa mpweya wamba ku fakitale n'kuzidzaza ndi mpweya wouma wa nitrogen kapena argon, kenaka n'kuzitseka ndi timphira tozungulira, choncho nthunzi ikaoneka mkati ndiye kuti penapake patseguka ndipo chinyontho chalowa. Mwayi wanu ndi wakuti madzi a nyanja yathu alibe mchere, motero sadya zitsulo msanga monga amachitira a m'nyanja zikuluzikulu. Komabe chinyontho chikakumana ndi kutentha kwa ku Mangochi chimabala chuku, chimene chimayamba ngati ulusi woyera m'mphepete mwa galasi n'kumayanga kulowera pakati. Chuku chimenechi chimakula bwino mpweya ukakhala ndi chinyontho chopitirira 70 pa 100 kwa masiku angapo, ndipo chimatulutsa asidi amene amadya utoto wopyapyala wopakidwa pa galasi kuti kuwala kuzilowa kokwanira. Utotowo ukadyeka, ngakhale apukute bwanji chipsera chimatsala, ndipo mankhwala ake ndi kusintha galasi lonse. Dziwaninso kuti mafakitale ena salandira n'komwe zida zogwidwa ndi chuku poopa kupatsira zida za anthu ena. Choncho lero lomwe ichotseni m'chikwama chake, masulani lamba wonyowa uja, ndipo muiike m'chigubu chotsekeka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'makatoni a nsapato ndi a mankhwala. Musaiyanike padzuwa la masana kapena pafupi ndi mbaula, ndipo musapukute magalasi ndi malaya, chifukwa mchenga wa kunyanja umene umakakamira ku nsalu umakanda utoto womwe uja.

Tsopano za katumizidwe. Anthu ambiri amathamangira kumanga phukusi, koma choyamba ndi kulemba kalata. Pezani serial number, nambala yozindikiritsa chida chanucho, imene imadindidwa pansi pa chidacho kapena pa gudumu losinthira kuona, jambulani zithunzi zooneka bwino, ndipo lembani imelo ku nthambi ya kampaniyo yoona za kukonza, yofotokoza zonse monga mwandifotokozera ine, osabisa kuti inagwa ndiponso inanyowa. Amisiri akaitsegula adzaona okha zimene zinachitika, ndipo munthu amene ananena zoona poyamba amathandizidwa mosavuta. Iwo adzakuuzani ngati akadali ndi zipangizo za mtundu umenewo, adzakupatsani nambala ya ntchito yoti mulembe pa katoni, komanso adzakuuzani kumene muyenera kutumiza, pakuti keyala yolembedwa pa bokosi nthawi zina si kumene amakonzera. Swarovski Optik ili ku Absam m'dziko la Austria, Leica likulu lake lili ku Wetzlar ku Germany koma ilinso ndi fakitale ku Vila Nova de Famalicão ku Portugal, ndipo makampani ambiri amauza makasitomala a chigawo chino cha Africa kuti adzere kwa owaimira a ku South Africa, kumene kuli kufupi ndiponso kotsika mtengo. Phukusi lofika popanda nambala ya ntchito limatha kukhala pa shelefu nthawi yaitali osadziwika mwini wake.

Za waranti musayembekezere zambiri. Makampani ena a ku Ulaya amapereka zaka 10, koma warantiyo imakhudza zolakwika za ku fakitale, osati ngozi monga yanuyi. Alipo ochepa, monga Vortex ya ku America, amene amadziwika kuti amakonza ngakhale chida chimene mwini wake anachigwetsa mwangozi, koma ngakhale pamenepo ndalama yotumizira imachoka m'thumba mwanu. Pemphani mlendo uja kuti akutumizireni chithunzi cha lisiti limene anagulira, pamodzi ndi kalata yaifupi yonena kuti anakupatsani monga mphatso, chifukwa mapepala awiriwa adzakuthandizani ku fakitale komanso ku kasitomu.

Funso lanu la msonkho ndilo phata la nkhaniyi, ndipo yankho lake lagona pa zimene mudzachite katunduyo asanatuluke m'dziko. Mfundo imene a kasitomu amayendera ndi yakuti katundu amene watuluka kwa kanthawi kukakonzedwa, akamabwerera amawerengeredwa msonkho pa mtengo wa ntchito yokonzayo ndi zipangizo zimene zaikidwamo, osati pa mtengo wa chida chonse. Koma mfundo imeneyi imagwira ntchito pokhapokha pali umboni wakuti chimene chabwerachi ndi chomwe chija chinatuluka. Choncho muyenera kuonetsa bainokyulayo kwa ofisala wa kasitomu wa Malawi Revenue Authority phukusi lisanamatidwe, n'kumuuza momveka kuti ikutuluka kwa kanthawi kukakonzedwa ndipo idzabwerera, kuti iye aone serial number ndi maso ake n'kuilemba pa chikalata chodindidwa. Chikalata chimenecho muchisunge monga mmene mumasungira chiphaso chanu cha unzika, ndipo mujambule kope lina likhale mu foni. Mukaitumiza popanda kulembetsa, ofisala amene adzailandire pa Chileka kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu sadzakhala ndi njira yodziwira mbiri yake, ndipo adzaitenga ngati katundu wolowa kumene, wofunika msonkho wa kasitomu ndi VAT pa mtengo wake wonse. Iye sadzakhala atalakwa, pakuti amagwira ntchito ndi mapepala amene ali patsogolo pake. Pokalembetsapo mutenge TPIN yanu, nambala imene a MRA amapereka kwa wolipira msonkho, mudziwe kuti bainokyula zimalembedwa pa nambala ya kasitomu 9005.10, ndipo mufunse nthawi imene akupatsani kuti katunduyo akhale atabwerera, kuti fakitale ikachedwa mulembe kalata yopempha kuwonjezera nthawiyo isanathe.

Pali chinthu china chimene chimadzidzimutsa anthu. Nthawi zina fakitale ikaona kuti kukonza n'kodula, imangotumiza chida china chatsopano chokhala ndi nambala yosiyana. Zikatero nambala ya pa chikalata chanu sidzagwirizana ndi ya m'phukusi, choncho muwauziretu kuti akafuna kusintha akudziwitseni asanatumize, ndiponso alembe kalata yotchula manambala onse awiri ndi chifukwa chimene asinthira.

Kasitomu ya dziko limene ikupitako nayo imafuna pepala lake, lotchedwa pro forma invoice, lolembedwa m'Chingerezi, lotchula dzina la chida, serial number, dziko limene chinapangidwa, mtengo wake wa lero monga chida chogwiritsidwapo kale ntchito, ndi mawu omveka akuti chikubwera kudzakonzedwa ndipo chidzabwerera ku Malawi. Musalembe kuti ndi mphatso, ndipo musachepetse mtengo poganiza kuti mukupulumutsa ndalama, chifukwa phukusi likatayika a inshuwaransi amabweza molingana ndi mtengo umene munalemba nokha.

Ulendo wa ku Blantyre, umene ndi makilomita pafupifupi 190 kuchokera pa boma la Mangochi, ndi wovuta kuupewa, chifukwa kumeneko mudzapeza a kasitomu ndi makampani onyamula katundu monga DHL ndi FedEx tsiku limodzi. Njira ya EMS ya ku positi ofesi imatsikirapo mtengo, ndipo mukaisankha mudzalemba fomu ya kasitomu ya CN23. Njira iliyonse imene mungasankhe ikhale yokhala ndi nambala yolondolera phukusi ndiponso inshuwaransi. Pomanga, kutani chidacho m'pulasitiki ya timatumba ta mpweya, chilowe m'katoni yaing'ono, katoniyo ilowe m'ina yokulirapo, ndipo mbali zonse pakhale zofewa zokwana masentimita 5, kotero kuti mukagwedeza musamve kanthu kakusuntha. Koma katoni isakule mopitirira, chifukwa makampaniwa amachulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu wake m'masentimita n'kugawa ndi 5000, ndipo yankho likaposa kulemera kwenikweni kwa phukusi m'makilogalamu amakulipiritsani pa yankholo. Chikwama ndi lamba zitsale kunyumba, ndipo mkati muikemo pepala la dzina lanu, foni ndi nambala ya ntchito ija.

Musanachite zonsezi, khalani pansi ndi cholembera muwonkhetse mtengo wopititsa, wokonza, wobwezera, inshuwaransi ndi msonkho. Maganizo anga ndi akuti zonsezi zikapitirira theka la mtengo wa chida chatsopano cha mtundu womwewo, ndi bwino kuganizanso kawiri, ndipo bainokyula zotsika mtengo sizipindula kutumizidwa n'komwe. Ngati yanuyo ndi ya makampani apamwamba aja, imene ikakonzedwa ingakutumikireni zaka zina zambiri, itumizeni ndipo musadikire kuti nyengo ya alendo ithe, chifukwa chinyontho chili mkatimo sichidikira. Fakitale idzafuna malipiro mu mayuro kapena madola, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira m'mabanki athu, makamaka chitsikireni kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Ngati mlendo uja ali ndi mtima wothandiza, thandizo lopambana limene angapereke ndi kulipira fakitaleyo mwachindunji kuchokera kwawo. Konzekerani kudikira miyezi, osati masabata, ndipo pakadali pano bwerekani kapena gulani yaing'ono yogwirizira ntchito.

Okondedwa Alangizi,

Ndimagwira ntchito mu labotale ya chipatala chaching'ono chomwe si cha boma kuno ku Namwera. Maikulosikopu yathu yayamba kuonetsa mbuu tikamagwiritsa ntchito galasi la 100x, moti tikuvutika kuwerenga tizilombo ta malungo, ngakhale kuti mazira a likodzo tikuwaonabe bwino ndi galasi laling'ono. Eni chipatala akufuna kuitumiza yonse kunja kwa amene anaipanga. Kodi ndi nzeru?

Mayi wa mu labotale, Namwera

Mayi, m'kalata yanu mwapereka kale theka la yankho. Ngati mazira a likodzo akuoneka bwino ndi galasi la 10x, ndiye kuti kawirikawiri nyale, galasi losonkhanitsa kuwala lotchedwa condenser, ma prism a m'mutu ndi magalasi a kumaso zonse zili bwino, ndipo vuto lili m'galasi limodzi lokhalo la 100x. Kunyamula chimakina chonse cholemera makilogalamu angapo kupita nacho kutsidya kwa nyanja chifukwa cha kachida kamene mungakafumbate m'dzanja ndi kuwononga ndalama, komanso ndi kusiya odwala a dera lonselo opanda poyezetsera kwa miyezi.

Masulani galasilo, mulitembenuze, ndipo muyang'ane kumaso kwake pogwiritsa ntchito galasi la kumaso lozondotsa, limene limakulitsa bwino. Kawirikawiri mudzapeza mafuta oumirira amene sanapukutidwe pomaliza ntchito, ndipo amenewo amachoka ndi pepala lopukutira magalasi lonyowetsedwa pang'ono ndi mankhwala amene opanga makinawo analangiza. Koma mukaona mafuta kapena timathovu kuseri kwa galasi la kutsogolo, ndiye kuti alowa mkati, zimene zimachitika kwambiri pamene mankhwala otsukira otchedwa xylene akhala akugwiritsidwa ntchito mowirikiza mpaka kusungunula guluu womata magalasiwo. Galasi lotero kawirikawiri kugula lina kumatsika mtengo kuposa kulikonza. Poitanitsa, koperani zonse zolembedwa pa thupi lake, chifukwa lolembedwa 160 silingagwire ntchito pa makina ofuna lokhala ndi chizindikiro cha ∞, ndipo mazinga omangira nawonso amasiyana malinga ndi kampani. Ngati makina anu ndi olembedwa Olympus, dziwani kuti kuyambira 2022 nthambi ya maikulosikopu ya kampaniyo inayamba kudziwika ndi dzina lakuti Evident, ndipo kumeneko ndi kumene muyenera kulembera.

Zikadzapezeka kuti mbali ina iyeneradi kupita kunja, monga mutu wa makinawo ukagwidwa ndi chuku, tumizani mbali yokhayo, ndipo zonse ndauza bambo a ku Chembe zokhudza kulembetsa ku MRA zikukhudzani inunso, kupatula kuti nambala ya kasitomu ya maikulosikopu imayamba ndi 9011. Chowonjezera ndi chakuti chida chimene chakhudzana ndi magazi, makhololo kapena mkodzo sichilandiridwa popanda chikalata chosainidwa chotsimikiza kuti chatsukidwa ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo fomu yake amapereka ndi a kampaniyo. Anzanu a m'zipatala za boma amene akuwerenga tsamba lino asatumize okha chilichonse, chifukwa makina awo ndi katundu wa boma ndipo nkhani zake zimadzera ku nthambi ya Physical Assets Management ya Unduna wa Zaumoyo.

Okondedwa Alangizi,

Ndimajambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe pa boma pano. Lenzi ya kamera yanga inagwa ndipo gudumu lokokera chithunzi pafupi likulimba. Mlamu wanga ndi transipota wopita ku Joni mwezi ndi mwezi, ndipo akuti akhoza kundinyamulira. Kodi pamenepa mapepala akufunikanso?

Wojambula zithunzi, Mangochi boma

Achimwene, ganizo lopita nayo ku South Africa ndi labwino, chifukwa makampani akuluakulu a makamera monga Canon ndi Nikon ali ndi okonza ovomerezeka kumeneko, ndipo kudzera mwa munthu wodziwana naye kumakupulumutsani ku mtengo wa ndege. Koma mapepala akufunika chimodzimodzi, mwinanso koposa, chifukwa lenziyo idzadutsa zipata za mayiko anayi, kuyambira pa Mwanza kapena pa Dedza, kudzera ku Tete, kulowa m'Zimbabwe mpaka pa Beitbridge, kenaka n'kubwereranso njira yomweyo pakati pa katundu watsopano wa anthu ena. Alamu anuwo ailembetse ku MRA potuluka, serial number ilembedwe, ndipo akhale ndi kalata yanu yosainidwa yonena kuti lenziyo ndi yanu ndipo mwawatuma kukakonzetsa, pamodzi ndi imelo ya okonzawo yosonyeza kuti akuiyembekezera. Pobwera asataye invoisi ya ntchitoyo, pakuti ndi imene a kasitomu adzawerengerepo msonkho.

Lenziyo isakwere mu ngolo kapena pansi pa basi pamodzi ndi matumba a mpunga ndi usipa, koma ikhale m'chikwama cha m'manja, yokutidwa monga ndafotokozera pamwambapa, zitsekerero zonse ziwiri zili pomwepo. Musapitirize kukakamiza gudumu lolimbalo, chifukwa mkati mwake muli timapini toyenda m'tinjira tokhotakhota, ndipo kamodzi kakathyoka tizidutswa take timakanda magalasi ndi kudula tizingwe topyapyala ta magetsi, ntchito yaing'ono n'kusanduka yaikulu. Afunseni okonzawo ngati akufuna kuti kamera ipite limodzi kuti akaziyeze pamodzi, ndipo akatero muchotsemo memori khadi yokhala ndi zithunzi za makasitomala anu. Muwauzenso kuti asayambe ntchito asanakutumizireni koteshoni pa WhatsApp kapena pa imelo ndi kulandira chilolezo chanu cholembedwa, ndipo mufunsiretu ngati pali ndalama yolipira pongoyeza chabe, imene ambiri amalipiritsa ngakhale mwini katundu atakana kuti ntchitoyo ipitirire.